Buleki Yachiwiri

Lolemba, 6 Meyi

Andigoneka. Bedi andipatsa la pafupi ndi zenera loyang'ana poimika magalimoto, ndipo ndikuona kuti zenera limeneli lindidwalitsa kuposa msana. Chifikireni ndakhala ndikuona anthu akubweza galimoto m'mbuyo osayang'ana pagalasi. Wina wakhula mtengo, watsika, n'kuyamba kuuyang'ana mtengowo ngati ndi umene unabwera. Abale, malayisensi akupereka ndani masiku ano?

Kope ili andigulira ndi akazi anga, amene ndimangowaitana kuti Mayi. Akuti ine ndikasowa chochita ndimayamba kuphunzitsa anthu amene sanandipemphe, ndiye bola ndizikalipira pepala.

Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo imvi zanditulukira momwemo. Galimoto ndili nayo imodzi, yoyera, ya mabuleki awiri: ina ya wophunzira, ina yanga, kutsogolo kwa mpando wa pambali. Anthu amayesa timaphunzitsa ndi pakamwa. Bodza. Pakamwa n'pongokometsera. Ntchito yonse ili pa phazi lamanja, limene limakhala lili dzu pamwamba pa buleki yachiwiriyo tsiku lonse, kudikira kuti wophunzira achite zamisala zake. Phazi limeneli ndi limene ladyetsa banja langa. Ophunzira amanditcha Abuleki, ndipo amayesa sindidziwa.

Msana unayamba kalekale. Chaka chino ululu unatsikira m'mwendo wamanzere, mpaka ndimaphunzitsa nditakhalira thako limodzi.

Adokotala abwera masana ndi msana wapulasitiki m'manja. Ndi mwana ndithu, ndevu sizinagwirizane n'komwe kumera, koma amayankhula mofatsa. Ati fupa lachinayi la m'chiuno laterereka pa lachisanu ndipo likufinya mtsempha. Achotsa kanthu kofewa ka pakati pa mafupawo kamene kaphwanyika, aikapo kabokosi kodzaza tizidutswa ta fupa langa lomwe, kenaka amanga ndi masikuluwu anayi ndi tizitsulo tiwiri. Pakapita miyezi mafupa awiriwo agwirana n'kukhala limodzi. Sang'amba msana wonse ngati kale. Aboola timabala tiwiri, alowetsa kapaipi, azigwira ntchito akuyang'ana pa ekisire. Magazi otayika ndi ochepa ndipo munthu amadzuka msanga.

Atchulanso zimene zingavute: bala kuchita mafinya, madzi a mumsana kudontha, sikuluwu kukhudza mtsempha, mafupa kukana kugwirana. Ati zimagwera anthu ochepa. Ine ndimangogwedeza mutu monga amachitira ophunzira anga akakhala kuti sakumva kanthu.

Funso langa linali limodzi. "Pa buleki ndibwerera liti, Adokotala?"

"Zikayenda bwino, pakatha mwezi ndi theka."

Bedi loyandikana nalo pali mkulu wina wowotcherera zitsulo, aliyense amangomuti Amisiri. Iwowa anawang'amba mwa kale chaka chatha, ndipo abweranso chifukwa bala linayamba kutulutsa mafinya. Adokotala atangotuluka, akweza malaya kundionetsa chipsera chochokera m'chiuno mpaka pakati pa msana.

"Uwu ndiye opaleshoni, Aphunzitsi," atero. "Inuyo timabala tiwiri? Ndiye mwabwerera katemera."

Lachiwiri, 7 Meyi

Osadya, osamwa. Amisiri adyera dzira lowiritsa pamaso panga, pang'onopang'ono, akundifotokozera kukoma kwake.

Andiveka chovala chomanga kumbuyo koma chosakumana. Munthu wa msinkhu wanga, tate wa ana okwatiwa! Mayi akuseka chogwira pakamwa, koma maso ndi ofiira. Inenso mantha ndili nawo, ndisaname.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndili moyo. Diripi padzanja, kapaipi ka mkodzo kumene sinditchula. Msana ngati andiponda ndi lole. Koma mwendo wamanzere zii, ululu wonse wa chaka chathunthu wapita. Ndinalira pang'ono, ndinanamizira mankhwala.

Wokankha machira popita ku thiyeta sachepetsa liwiro pokhota. Ndinamuuza.

Lachinayi, 9 Meyi

Alendo lero anadzaza mpaka ena kukhala pa bedi la Amisiri. Nthochi, malalanje, buledi, ndi botolo la juwisi limene analimwa okha. Aliyense amafuna kuona bala. Nditatembenuka movutikira, anaona timapulasitala tiwiri tating'ono, ndipo ndinamva chipinda chonse chikukhumudwa. Azakhali ena anati, "Basi? Ndiye ife tasiyira ntchito zimenezi?" Kenaka onse anasamukira kwa Amisiri kukaona chipsera chenicheni, ndipo malalanje ena anatsalira komweko.

Panalinso alamu anga, achimwene awo a Mayi. Munthu ameneyu wayesapo bizinesi iliyonse pansi pa thambo: nkhuku zinafa, matayala akale anapsa, mafoni anabedwa. Layisensi ali nayo, koma mwamwayi sanaphunzire kwa ine. Afunsa za msana kamodzi, za galimoto katatu. "Ikungokhala pabwalo, alamu? Batire lifa."

Alendo atapita, Asisitala anandimanga lamba wa m'chiuno n'kundiimiritsa pa chitsulo choyendera. Malamulo atatu: osawerama, osapotokola thupi, osanyamula kanthu kolemera kuposa ketulo. Ndinaponya mwendo wamanzere, bwinobwino. Ndinaponya wamanja, silipasi inatsala m'mbuyo. Ndinavalanso, inatsalanso. Zala zimakwekwereza pansi. Ndinayamba kukalipira Mayi kuti agula silipasi zazikulu, koma Asisitala sanaseke. Anandikhazika pansi n'kukaitana Adokotala.

"Dzutsani phazi, zala ziyang'ane kumwamba." Lamanzere linadzuka. Lamanja linangokhala lende.

"Kankhani dzanja langa pansi." Linakankha bwino.

"Dzutsaninso." Palibe.

Kuponda likuponda, koma kudzuka ayi. Wina angati bola. Koma buleki suiponda usanadzutse phazi kuliika pamwamba pake. Ndinawauza Adokotala zimenezi, anati akudziwa, iwonso amayendetsa. Mawa sikani.

Lachisanu, 10 Meyi

Sikani yaonetsa. Masikuluwu atatu ali m'malo mwake, kabokosi kali bwino. Sikuluwu yachinayi, ya kumanja, yapatuka pang'ono m'fupa ndipo ikukhudza mtsempha wodzutsa phazi. Adokotala sanazungulire. Ati poboola pang'ono saona ndi maso, amadalira chithunzi, ndipo nthawi zina chithunzi chimaonetsa kuti zili bwino pamene sikuluwu yadya mzere. Apepesa. Mawa andibwezera ku thiyeta kukaiwongola.

Ndinakonza mawu ambiri, ena amene ndimasungira ophunzira okwera pa mwala wa m'mbali mwa msewu. Koma munthu akavomera yekha kuti wadya mzere, umukalipira chiyani? Ndinangofunsa ngati phazi libwerere. Ati akachotsa chofinyacho msanga mwayi ulipo, koma sangalumbire.

Ndinabwera ndi mwendo wamanzere wowawa, umene ndilibe nawo ntchito kwenikweni. Andichiritsa umenewo n'kunditengera wamanja. Walira mvula walira matope.

Amisiri ati vuto ndi loti madokotala sayika washa pomanga masikuluwu. Iwo akanakhala ku thiyeta akanangodonthezapo moto pang'ono, sikuluwu osasunthanso mpaka kubwera kwa Ambuye. Asisitala awauza kuti agone chammbali ayeretse bala lawo, ndipo nzeru zonse zinathera pomwepo.

Lamulungu, 12 Meyi

Sikuluwu aiwongola dzulo. Pogwira ntchito kansalu kokuta mitsempha kanabooka pang'ono, madzi a mumsana anadontha, anamata. Ndiye ndigone chagada osadzutsa mutu mpaka mawa. Ndinayesa kudzuka pang'ono kuti ndione amene amaliza hutala panja, mutu unawawa ngati ung'ambika. Ndagonja.

Phala andimwetsa Mayi ndi supuni, lina lalowa m'khutu. Ndikulemba kope lili m'mwamba.

Phazi lende.

Lolemba, 13 Meyi

Andilola kukhala tsonga. Mutu wasiya. Kapaipi ka mkodzo achotsa, ndipo ndinamuuza mwana amene anachotsayo kuti tikakumana m'tauni tisapatsane moni.

Nkhani yaikulu mu wodi muno si misana, ndi m'mimba. Mankhwala oletsa ululu amamanga. Chichokereni ku thiyeta koyamba sindinapite kukadzithandiza, ndipo Asisitala amafunsa m'mawa uliwonse mokweza ngati akuitana mayina kusukulu. Lero atandipatsa mankhwala otsekula, zinatheka. Potuluka ndinapeza Amisiri akuwomba m'manja, ndi ena a mabedi a kutsogolo amene sindiwadziwa n'komwe. Chikhalire sindinayamikiridwepo chonchi pa ntchito ina iliyonse.

Lachiwiri, 14 Meyi

Kalanga ine. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.

Kwabwera mtsikana wa mafizo, wophunzitsa odwala kuyenda ndi kulimbitsa ziwalo. Wamtali, wa magalasi. Wawerenga khadi langa, wandiyang'ana, wawerenganso, ndiye n'kumwetulira kumwetulira kumene sindinakukonde.

"Abuleki! Simukundikumbuka?"

Ndinamukumbuka. Zaka zingapo zapitazo anali wophunzira wanga. Ndi uja ankati akaona lole kutsogolo amatsinzina. Tsiku lina ndinamutsitsa pa mpando pakati pa msewu, analira mpaka kwawo.

"Munakhoza koma?" ndinafunsa mwaulemu umene sindinaudziwe kuti ndili nawo.

"Kachitatu. Tiyeni, bambo, khalani m'mphepete mwa bedi. Msana mowongoka. Dzutsani phazi."

Ndinaliyang'ana phazi, ndinaliuza mumtima kuti dzuka. Ndinakukuta mano, thukuta kamukamu. Chimene chinadzuka ndi phewa.

"Ndati phazi, sindinati phewa. Kodi phazi limeneli ndi lanu kapena mwabwereka?"

Mawu angawo! Mawu anga enieni, ndi kakwezedwe ka nsidze komwe. Amisiri anaseka mpaka anaitanitsa mankhwala a ululu. Kenaka mtsikanayo anagwada, anagwira phazi langa ndi manja awiri, n'kumalikweza ndi kulitsitsa yekha mofatsa, akuti mfundo isaume podikira mtsempha. Manja ake ndi odekha. Ine sindinamugwirepo wophunzira aliyense modekha chonchi, koma zimenezo sizikumukhudza.

Wandipatsa kachipulasitiki kovala kuyambira ku katumba mpaka kuphazi, kogwira phazi kuti lisakwekwereze. Ndi kameneka ndayenda mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera. Kuyenda ndiye ndiyenda. Koma kachipulasitiki sikaponda buleki.

Lachitatu, 15 Meyi

Alamu abwera ndi nthochi ziwiri ndi nzeru imodzi. Akhala pa bedi langa, pa mwendo wabwinowo.

"Alamu, tiyeni tikambe ngati amuna. Galimoto ikungokhala. Ana asukulu anu ayamba kupita kwa ena. Mlongo wangayu adya chiyani? Ndapeza ntchito yonyamula anthu ndi katundu wa m'masitolo. Koma buleki yanu ija ikusokoneza, wokwera kutsogolo aziiponda. Ndalankhula kale ndi makaniko, akuti ndi mabawuti anayi okha, kuchotsa n'kosavuta."

Ndinati, "Mukachotsa buleki imeneyo mwachotsa ine."

"Aa, alamu, phazi likadzachira tidzabwezera."

Ndikuwadziwa alamu anga. Chimene achotsa sichibwerera. Buleki imeneyo adzaigulitsa sabata yomweyo, kapena adzaisandutsa chotsekera khola. Ndipo onse m'chipindamo, ngakhale ineyo, tinamva mmene ananenera mawu oti likadzachira.

Chimene chinandipweteka si alamu. Ndi Mayi. Masiku onse alamu akayamba nzeru zawo, Mayi amawadula asanamalize. Lero sanawadule, anangosenda lalanje, kulisenda mpaka kulibowola.

Lachinayi, 16 Meyi

Adokotala ati mabala ali bwino, ouma, opanda mafinya. Ekisire yabwino. Za phazi ati mtsempha wofinyidwa umadzuka pa nthawi yake: ena masabata, ena miyezi, ena umabwerera theka, ena osabwerera. Ndinafunsa kuti ine ndili gulu liti. Ati sakudziwa.

Mafizo kawiri. Palibe.

Sindinayang'ane pazenera lero.

Lachisanu, 17 Meyi

Amisiri ajambula pulani kuseri kwa bokosi la mankhwala. Akuti andiwotcherera chitsulo chachitali kuchokera pa buleki kufika m'manja, ndizikoka ngati wopalasa bwato. Ndinafunsa kuti nanga dzanja logwira chiwongolero wophunzira akalunjika m'ngalande? Ati limenelo ndi lamanja. Nanga lolozera njira? Anaganiza kanthawi n'kunena kuti ndizilozera ndi mlomo, poti ndi wautali kale. Anthu odwala alibe ulemu.

Madzulo Mayi anakhala nane alendo onse atapita. Anandipukuta kumaso ndi kansalu, ngakhale ndimatha ndekha.

"Bambo, achimwene abwera Lamulungu ndi galimoto ndi makaniko wawo. Ndawauza kuti sachotsa kanthu inu musanavomere."

"Ndiye inu mwavomera kale?"

"Ine sindinavomere. Koma ndimagona m'nyumba muja ndekha, ndikuyang'ana galimoto pazenera, ndipo sindikudziwa kuti titani. Mukandiuza kuti phazi lidzuka, ndikhulupirira. Ndiuzeni."

  Ndinaliyang'ana phazi, nalonso linangondiyang'ana.

Loweruka, 18 Meyi

Ndaganiza zovomera. Munthu sungasunge buleki ya phazi limene kulibe, banja likugona ndi njala. Ndawauza Amisiri, ati ndisafulumire, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawayankha kuti nkhono ilibe ana asukulu othawira kwa ena.

Mtima ukuwawa kuposa msana.

Lamulungu, 19 Meyi

Ndilembe bwinobwino.

Alamu anafika masana atavala jekete, ngati munthu wodzalandira mphoto. Ati galimoto ili panja, makaniko ali pomwepo ndi sipanala, ndipite ndikaone ndekha kuti ndi ntchito yaing'ono. Ndinati chabwino, ndikaitsanzike. Asisitala analola kuti ndipite pa njinga ya odwala, nditamanga lamba. Kachipulasitiki ndinali nditavula chifukwa kanandinyula pa kakolo, phazi linali pa chopondera lili lokha. Alamu anagwira zokankhira, Mayi akuyenda pambali.

Tsopano kuchokera ku wodi yathu kupita panja pali khonde lalitali lotsetsereka. Munthu wanzeru amatsika pamenepo chobwerera m'mbuyo, kapena pang'onopang'ono atagwira ndi manja awiri. Alamu anatsika akukankha ndi dzanja limodzi, lina lili ndi foni kukhutu, akuuza munthu wina kuti kuyambira mawa ali ndi galimoto. Njinga inayamba kuthamanga. Ndinati, "Alamu, chepetsani." Iwo ali, "Eya, eya, ngakhale matumba khumi imanyamula." Kumunsi kwa khonde, kuchokera kumanzere, kunatulukira mayi wa tiyi ndi ngolo yake, chiketulo chachikulu chikufuka nthunzi, makapu ali mulu. Sanayang'ane kumanja, naye.

Sindinaganize za msana, kapena mtsempha, kapena sikuluwu. Ndinaona mphambano, wophunzira wopusa, ndi ngozi.

"Buleki!"

Mayi anadumphira njinga n'kuigwira ndi thupi lonse. Mayi wa tiyi anakhotetsa ngolo, makapu anagwa, phokoso mpaka ku wodi ya ana. Tinaima chiketulo chili pafupi ndi mawondo anga. Foni ya alamu inali pansi ikuyankhulabe yokha.

Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe ndi alamu, kenaka mayi wa tiyi, kenaka amene anamanga khondelo. Koma Mayi sanali kuyang'ana makapu kapena ine. Anali atagwada, akuyang'ana pansi.

"Bambo, phazi."

"Latani? Lapsa?"

"Linadzuka. Ndaliona ndi maso angawa. Mmene mumakuwa muja, zala zinadzuka, chidendene chili pomwepo."

Ndinaliyang'ana. Lende, ngati silinachite kanthu. Ndinaliuza kuti dzuka. Palibe. Koma kutsogolo kwa mwendo, m'munsi mwa bondo, ndimamva kanthu kakukoka, ngati mnofu umene wagwira ntchito.

Mayi anaimirira, maso ali gwa. "Achimwene, mubwezeni pamwamba. Mumukankhenso."

"Iwe, wapenga?"

"Ndati mumukankhenso! Inu a tiyi, bwererani ndi ngolo yanu mutulukirenso pomwe paja."

Mayi wa tiyi anati iye sanalembedwe ntchito yogundidwa. Asisitala anafika akuthamanga, atamva nkhani yonse anatikalipira tonse mofanana, n'kunena kuti aliyense wokankhanso wodwala wa msana pa khonde limenelo amugoneka bedi loyandikana nane. Anandibweza ku wodi iwo eni, chobwerera m'mbuyo, mwaluso ndithu. Ndinawauza kuti akanakhoza ulendo woyamba.

Kunja sindinafike. Makaniko ndinamuonera pazenera atakhala pa boneti ya galimoto yanga, akudya nthochi. Mayi anatuluka kukayankhula ndi alamu. Ndimaona manja okha akuuluka. Atabwerako ndinafunsa kuti zatha bwanji, anangoti, "Inu chirani."

Lolemba, 20 Meyi

Mtsikana wa mafizo wamva nkhani yonse kwa Amisiri, amene anaifotokoza ngati analipo, ndipo mwa iwo ngolo ya tiyi inagubuduka kawiri. Mtsikanayo sanaseke. Anagwira kutsogolo kwa mwendo wanga n'kuti ndidzutse phazi. Ndinaliyang'anitsitsa, ndinakukuta mano. Palibe.

"Bambo, munkatiuza chiyani tikamayang'ana mapazi poyendetsa?"

"Kuti msewu suli pansi pa mpando."

"Ndiye mukuyang'ana chiyani pansipo?"

Anandikhazika pa mpando, anaika siponji pansi patsogolo pa phazi langa. Iye anakhala pa mpando wina kumbali kwanga, anatenga beseni losambira m'manja ngati chiwongolero. Anauza Amisiri kuti akhale lole. Amisiri, ndi diripi yawo, anayamba kubwera pakati pa mabedi akulira ngati injini yokwera phiri.

"Ndikulowa msewu waukulu, Abuleki," anatero mtsikanayo. "Sindinayang'ane kumanja. Indiketa sindinayatse. Ndayamba kutsinzina."

Ndipo anatsinzinadi! Ndikudziwa kuti linali beseni. Ndikudziwa kuti lole inali mkulu wovala zogonera. Koma magazi anandithamanga, ndinakuwa mpaka wodi yonse inadzidzimuka, ndipo zala zinanyamuka pansi. Pang'ono, mwina mpata wolowa chala chimodzi. Ndinaziona mochedwa zikutsika.

Tinabwereza mpaka lole inatopa n'kupempha madzi. Mwa maulendo onsewo phazi linadzuka kangapo, ndipo komaliza linadzuka popanda lole, nditangoyang'ana kutsogolo n'kuganiza za mphambano.

Adokotala anabwera kudzaona. Anagwira, anayesa, anamwetulira koyamba chichitireni opaleshoni yachiwiri. Ati mtsempha uli moyo ndipo wayamba kudzuka. Koma anandichenjeza kuti mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, sangalonjeze kuti ibwerera yonse, ndipo za kuphunzitsa ndiiwale kwa miyezi itatu, mpaka mafupa agwirane ndipo iwo aone kuti phazi likufulumira mokwanira. Kachipulasitiki ndizivalabe poyenda. Ndinavomera zonse ngati mwana wabwino.

Mtsikana uja ponyamula beseni lake ndinamuuza kuti akhoza kumabwera kudzaphunzira kubwerera m'mbuyo kwaulere, poti ndikudziwa kuti mpaka lero zimamuvuta. Anati adziwa bwanji kuti sindimutsitsa pakati pa msewu. Ndinati miyezi itatu imeneyi ndilibe mphamvu yotsitsa munthu.

Lachitatu, 22 Meyi

Ndikulemba ndili kunyumba, pa bedi langa.

Anditulutsa m'mawa. Mankhwala a ululu, lamba, kachipulasitiki, tsiku lobwerera kudzachotsa ulusi. Amisiri atsala, bala lawo likuuma koma pang'onopang'ono. Ndawasiyira malalanje onse. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenaka anati timabala tanga tiwiri tija, poti anatitsegula kawiri, tikhoza kuwerengedwa ngati opaleshoni.

Anadzanditenga alamu, pa galimoto yanga. Mayi anagwirizana nawo kuti aziyendetsa miyezi itatu imeneyi kuti pakhomo pasagone njala. Za buleki palibe amene anandiuza kanthu, ndipo ine ndinaopa kufunsa. Kuyambira pakhomo la chipatala mpaka pa galimoto ndinayenda ndi chitsulo changa ngati ndikupita kukayesedwa.

Mayi anatsegula chitseko cha kutsogolo. Ndinalowa monga anandiphunzitsira, thako poyamba, miyendo pambuyo, msana osapotokola. Ndiye ndinayang'ana pansi.

Buleki yanga inalipo. Rabala yake yodyeka mbali imodzi, pamene phazi langa lakhala likuponda zaka zonsezi.

"Ndinawauza kuti okwera azikhala kumbuyo," anatero Mayi ali pa mpando wa kumbuyo, akukonza zikwama. "Akadandaula, ayende pansi."

Ndinawapempha kuti andivule kachipulasitiki, ndinati kakundinyula. Anatuluka, anagwada, anandivula, osafunsa kanthu. Alamu anakhala pa chiwongolero akudandaula za mafuta, analiza injini, anayamba kusakasaka giya ngati munthu wofufuza ndalama m'thumba la wina. Ine ndinayang'ana kutsogolo. Chidendene pansi. Ndinaganiza za mphambano. Phazi linanjenjemera, linakwera, linakakamira m'mphepete mwa rabala, linakweranso pang'ono, n'kukhala pamwamba. Ndinaponda.

Alamu anapeza giya, anaponda moto. Injini inalira, galimoto osasuntha. Anapondanso, inazima. Analizanso, inazimanso. Anayang'ana buleki ya pamanja, anamenya chiwongolero, anatsegula zenera kuyang'ana matayala.

"Alamu, galimoto yanuyi yafa! Pobwera pompano imayenda bwinobwino!"

Kumbuyo Mayi anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Ineyo misozi inali itafika kale m'chibwano, mwendo wonse ukunjenjemera, koma sindinachotse.

"Sinafe, alamu," ndinatero. "Dikirani pang'ono. Muyenda ndikakuuzani."